Galimoto yokana kulira m'Julayi

Zaka zoyamba za m'ma 1990

Za ubwana wanga ndizisiya, azakhali anu anakuuzani kale ndipo amathira mchere wambiri. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa galaja ya bungwe lina la mpingo ku Limbe. Sindinali makaniko ayi, musadzanamize ana anu. Yanga inali kudziwa kuti galimoto yakuti yapita kuti, yakuti matayala atha, yakuti ikufunika oyilo. Koma ukakhala pakati pa amakaniko zaka zingapo khutu limaphunzira lokha, moti ndinafika pozindikira galimoto iliyonse ndi kaliridwe kake ndili chikhalire mu ofesi. Bungwelo litakulitsa ofesi yake ya ku Nairobi kuti iziyang'anira ntchito za m'maiko angapo, linafuna munthu woyang'anira magalimoto, ndipo mwayi unagwera ine. Anthu a ku Limbe anatiopseza kuti tikupita ku ng'anjo, ati kumeneko dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni, choncho mayi anu anagawa majuzi onse kwa abale. Tinafika mwezi wa Juni. Ine ndinakulira ku Thyolo, chiperoni ndimachidziwa, koma cha kwathu chimabwera masiku ochepa n'kupita. Cha ku Nairobi chimakhala ngati mlendo wopanda manyazi: mitambo yotuwa, kamvula kowaza, dzuwa osaoneka bwino mpaka Ogasiti atapita. Sabata yoyamba tinaithera ku msika wa kaunjika, kugulanso majuzi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ofesi yathu inali ku Hurlingham, nyumba yakale ya mpanda, pang'ono kuchokera pa msewu wa Argwings Kodhek. Bwana wanga woyamba anali mayi wina wa ku Zambia, waukali koma wachilungamo, amene akakukalipira m'mawa masana ankakufunsa za ana. Vuto lathu nthawi imeneyo linali limodzi: otithandiza a kunja ankakonda kugula zinthu zatsopano zoti azijambule, koma kukonza chakale palibe amachijambula. Ndiye tinkakhala ndi makompyuta owala pa tebulo, matayala ali osalala ngati chidendene. Ntchito yanga inasanduka kupempha, kuzigamba ndi kubwereka.

Magalimoto anali atatu. Awiri anali a petulo, atsopano, oyendera mabwana m'tauni. Yachitatu inali pikapu ya dizilo yokalamba imene aliyense ankaitcha Mzee, ndiye kuti nkhalamba m'Chiswahili. Imeneyi ndiyo inkagwira ntchito yeniyeni, kunyamula mankhwala, mabuku ndi mbewu kupita nazo ku tizipatala ndi sukulu za kumidzi. Dalaivala wake anali a Mutua, bambo wa Chikamba, wamtali, wosalankhula zambiri. Ankakhala ku Utawala, kumene masiku amenewo kunali tchire ndi fumbi basi, ndipo ankasintha ma matatu, maminibasi a kumeneko, kuti afike pa ntchito, koma sindinawapezepo atachedwa. Nthawi ina Mzee anatitimira m'matope akuda kutali ndi mudzi, ndipo a Mutua anakana kupita kukagona kwa anthu mpaka thirakitala itabwera. Nditawafunsa chifukwa chake anangoti, "Mankhwala sangagone okha."

Mlonda wathu anali a Wafula, munthu wachikulire, wowonda, wa chifuwa chosatha. Ankakhala m'kashedi ka malata momwe tinkaimikamo Mzee, ali ndi kambaula kawo ka makala, kumeneko amati jiko. Tinkalankhulana Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili changa chopunduka, chimene a Wafula ankachiseka mosabisa. Zaka zonse zimenezo Mzee ankadzuka m'mawa uliwonse. M'Julayi ankayamba watsokomola, n'kutulutsa utsi woyera, kenako n'kulira. Sindinadzifunsepo chifukwa chake, poti chinthu chikamayenda bwino palibe amachifunsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Mayi wa ku Zambia uja atachoka kunabwera mkulu watsopano wa ofesi, a Kachingwe, Mmalawi mnzathu. Tinasangalala kwambiri. Mayi anu anapha nkhuku, tinawaitana kunyumba, anadya, n'kupemphera pemphero lalitali lotidalitsa tonse. Lolemba lake ndinawapatsa moni wa kwathu pa khomo la ofesi, "Mwadzuka bwanji, bwana?" Anandiyankha m'Chingerezi, osatembenuka n'komwe, kuti pa ntchito pano tizilankhula chinenero chimene aliyense akumva. Ndinati mwina akunena zoona. Pambuyo pake ndinazindikira kuti Chichewa sanachitaye, ankachisungira nthawi yonyoza Akenya iwo ali pomwepo.

Anayamba ndi kuyeretsa. Anati ofesi ikuoneka ngati depoti ya mabasi, ndipo alendo a kunja akabwera tidzachita manyazi. Madalaivala analetsedwa kumwera tiyi m'khitchini. Kenako anafukula lamulo lakale la bungwe loti moto usayandikire magalimoto, wolakwira achotsedwe tsiku lomwelo, ndipo mbaula ya a Wafula inaletsedwa. Izi zinachitika m'Febuluwale, kukutentha, ndiye palibe anadandaula kwambiri. Ine ndinanenako kuti mkuluyu chisanu chidzamupha Julayi akadzafika. Anandiyankha kuti bungwe lamugulira jekete. Jeketeyo ndinaiona, inali ya pulasitiki yotchinga mvula.

Julayi wa chaka chomwecho

Mzee anakana kulira. Ukapotokola kiyi injini inkazungulira molemera, n'kuponya utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, koma osagwira. Cha kumasana, kukafunda pang'ono, inkalira ngati palibe chachitika. Koma ulendo wa kumidzi sunyamuka masana, ndiye katundu ankagona m'galimoto, a kuzipatala akuimba foni kufunsa mankhwala awo. Tinayamba kukankha. Pabwalo la ofesi panalibe mtsetse, choncho tinkaitulutsa pa geti n'kuikankhira kumsewu, ine ndi tayi wanga, mayi wa ku akaunti ndi nsapato zake za gogoda, makondakitala a matatu akutikuwiza podutsa. A Kachingwe ankaonerera pa windo, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwira mpaka lero.

Ndinatsata zimene ndinaona ku Limbe, chimodzichimodzi. Choyamba batire, chifukwa chisanu chimayambira kufooketsa batire. Tinapala mitu yake imene inali itatuwa, tinamangitsa mawaya, tinabwereka la galimoto ina. Injini inazungulira mwamphamvu, koma kulira ayi. Tinasintha oyilo, poganiza kuti wakaleyo walimba ndi kuzizira. Tinasintha fyuluta ya dizilo, tinataya madzi amene anadikha pansi pake, tinapopa kapampu mpaka mpweya wonse utatuluka m'mapaipi, koma osathandiza. Wina anatiuza zopopera mu injini mankhwala oyaka msanga aja a m'chitini. Makaniko wathu, kumeneko amati fundi, anatiletsa, ati injini yokalamba ukaizoloweza zimenezo waipha. Fundi yemweyo ndiye anayeza mahita. Inu munangozolowera magalimoto a petulo, ndiye ndifotokoze. Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto, imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya umene yaupanikiza. Chitsulo chikazizira kwambiri kutenthako kumangothera m'chitsulomo, n'chifukwa chake muli mahita, tizitsulo tonga zala timene timafiira ukatembenuza kiyi pang'ono. Kanyale ka mahita ka pa dashibodi ya Mzee kankayaka n'kuzima mokhulupirika, kutinamiza tonse, pamene mahita onse anayi anali akufa. Anali atachita dzimbiri n'kukakamira, ndipo fundi ananena pamaso pa aliyense kuti amenewa anafa kalekale, si chaka chino kapena chatha.

Ndinalowa kwa a Kachingwe ndili wokondwa kuti matenda apezeka, kwatsala kugula mahita basi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatseka chitseko n'kuyamba Chichewa.

"A Chikopa, mukufuna ndikauze azungu kuti galimoto yafa ndi chisanu mu Africa? Akandiseka. Bajeti yake palibe. Ndipo tamvani zimene fundi wanuyo wanena. Mahitawo anafa kalekale. Nanga chaka chatha inkalira ndi chiyani? Chaka chinacho? Chasintha n'chiyani?"

A Kachingwe anadziyankha okha.

"Ndikuuzeni ine chimene chasintha. Dalaivala wanuyo akugulitsa dizilo n'kumathiramo palafini. Anthu akuno ndi momwe alili. Inu mumafatsa kwambiri, akukudyerani masuku pamutu."

Ndinawauza kuti thanki tinaitsitsa, dizilo tinamuthira m'botolo, tinamuyang'ana, tinamununkhiza, anali bwinobwino. Anati a Mutua si chitsiru choti n'kuthira palafini sabata imene tikufufuza. Anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndibweretse chifukwa chomveka, apo ayi a Mutua achotsedwa ngati wakuba. Mudziwe ana anga kuti m'mabungwe a ku Nairobi dalaivala wochotsedwa chifukwa cha mafuta ndiye kuti watha, pakuti mabwana amadziwana ndipo amaimbirana mafoni. A Mutua anali ndi ana ku sekondale. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti funso la a Kachingwe linali lanzeru, ndipo ine ndinalibe yankho lake.

Lachinayi ndinalawira m'mamawa kuti ndikamuone Mzee munthu asanamukhudze. Ndinapeza a Wafula atadzipinda pakona ya shedi, atavala jekete ya pulasitiki ija pamwamba pa chiguduli, akutsokomola. Ndinagwada kuyang'ana pansi pa injini ngati pali chodontha. Panalibe. Koma pa simenti, pansi penipeni pa injini, panali malo ozungulira opserera, kukula kwake ngati mbale, ndipo chitsulo cha kunsi kwa injini chinali ndi mwaye wouma umene si wa oyilo. Ndinadzuka n'kuwayang'ana a Wafula. Iwo anayang'ana kumbali.

"A Wafula, jiko ija munkaiika pati?"

Anandifotokozera zonse. Dalaivala wakale, amene ine sindinamupeze, ndiye anawaphunzitsa. Miyezi yozizira, kukamacha, moto utatsala makala ofiira ochepa m'phulusa, ankakankhira mbaulayo pansi pa injini n'kufunditsa boneti ndi masaka. Pofika nthawi yoti dalaivala abwere chitsulo chinkakhala chitafunda, mbaula itabwerera pakona pake. Zaka zonsezo Mzee ankadzutsidwa ndi mbaula ya mlonda, ndipo a Kachingwe poletsa mbaula analetsanso galimoto yawo yomwe, osadziwa.

Tili mkati molankhula a Mutua analowa pa geti. Ndinawafunsa ngati ankadziwa zimenezi. Anavomera.

"Ndiye bwanji simunanene? Mawa akuchotsani ngati wakuba."

"Ndikanena achotsa uyu," anatero, akuloza a Wafula ndi mlomo. "Bwana akangomva kuti moto unkalowa pansi pa galimoto, sadzafunsa kuti unali liti. Ine ndili ndi laisensi, matatu sakana dalaivala. Uyu ndi chifuwa chakechi amulemba ndani?"

A Wafula anayamba kunena kuti apita okha akaulule. A Mutua anawakalipira m'Chiswahili chothamanga chimene sindinachimve chonse, koma tanthauzo lake ndinalimva, ndipo mkuluyo anakhala pansi.

Tsiku limenelo sindinagwire ntchito. Kukhala chete kunali kupereka a Mutua, kunena zoona kunali kupereka a Wafula, ndipo onsewo cholakwa chawo chinali kuyendetsa galimoto imene bungwe linkakana kuikonza. Madzulo ndinawafotokozera mayi anu njira yachitatu imene ndinaiganiza. Anandikumbutsa kuti chitupa chathu chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira ku ntchito yanga, ndi kuti inu munali pakati pa chaka cha sukulu. Anapitiriza kusita malaya anga kwa kanthawi. Kenako anati, "Koma mukawasiya anthuwo, nkhope yanu yakugwayo ndiziiona ine m'nyumba muno. Pitani mukanene."

Lachisanu ndinalowa mu ofesi ya a Kachingwe, a Mutua ataimirira chapakhomo chipewa chili m'manja. Ndinalankhula Chingerezi dala, kuti nawonso amve. Ndinafotokoza za mbaula, za chitsulo chofunda, za mahita. Kenako ndinanama. Ndinati ndine ndinalamula mlonda kuti azichita zimenezo kuyambira chaka chimene ndinafika, kuti ndi nzeru imene ndinaiona kwa oyendetsa mathirakitala m'minda ya tiyi kwathu, ndipo mlondayo ankangomvera bwana wake. Atandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete masabata onsewa, ndinati ndinkaopa. Bodza limenelo sindinalape, ndipo sindikuganiza zolapa.

Ndinkayembekezera kuti mkwiyo wonse ugwera ine. Unandigweradi, koma pang'ono: anandichenjeza, n'kundichotsa pa magalimoto kundiika kosungira katundu, kumene ndinakhala ndikuwerenga mabulangete mpaka kontalakiti yanga itatha. A Wafula anapulumuka. Koma a Kachingwe anali atauza kale akuluakulu a ku likulu kuti agwira wakuba mafuta, ndipo sanali munthu wobweza mawu. Anatembenukira kwa a Mutua.

"Ndiye kuti inu munkaona moto ukuikidwa pansi pa galimoto ya bungwe zaka zonsezi, osanena?"

"Ndinkaona, bwana."

"Dalaivala wotero sitingamusunge."

Ndinaimirira, ndipo ulendo uno Chichewa ndinayambitsa ndine. "Bwana, munthuyu munamuyesa wakuba, mwapeza kuti sanabe. Wolakwa mwamupeza, ndili pano. Nanga iyeyu mukumuchotseranji?"

"Khalani pansi, a Chikopa," anatero modekha. "Inu ndinu akwathu. Sindingakuchititseni manyazi m'dziko la eni. Muzithokoza."

Pa mawu onse amene ndinamva m'zaka zanga za ntchito, amenewo ndi amene anandinyansa koposa. Anandisunga ine, amene ndinali nditangovomera mlandu, chifukwa ndinali Mmalawi, n'kutaya munthu wosalakwa chifukwa anali Mkenya, ndiye ankafunanso kuti ndiwombe m'manja. Sindinathokoze. Chimodzi chokha ndinalimbana nacho mpaka ndinapambana: kuti pochoka a Mutua pasatchulidwe nkhani ya mafuta kulikonse. Anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Bajeti ya mahita, imene kunalibe, inapezeka sabata yotsatira, chifukwa kunkabwera alendo a kunja ofuna kukaona tizipatala ta kumidzi, ndipo magalimoto a mabwana aja sakanatha misewu yake. Fundi anavutika kuchotsa mahita akalewo, kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri, kudikira, kupotokola pang'onopang'ono kuti asathyokere mkati. Anamaliza madzulo oti mawa lake a Mutua atsazika.

M'mawa mwake kunali chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa. Ine ndinalibenso gawo pa magalimoto, koma ndinapita kushedi. A Wafula anali asanaweruke. A Mutua analowa mu Mzee, anatembenuza kiyi pang'ono, anadikira kanyale kazime, n'kupotokola. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, osatsokomola, osaponya utsi. Anaisiya ikulira kwa kanthawi, manja ali pa chiwongolero, akumvetsera. Kenako anazimitsa, anatuluka, n'kundipatsa makiyi ngakhale ankadziwa kuti woyang'anira sindinenso.

"Mumuuze wobwerayo azidikira kanyale," anatero. "Asamafulumire."

Anagwirana chanza ndi a Wafula, amene misozi inkatsika osaipukuta, anagwirana ndi ine, n'kutuluka pa geti kupita kokwerera matatu. Sipanapite nthawi a Kachingwe anafika. Atamva kuti Mzee walira m'mawa wozizira chonchi, anandimenya paphewa mokondwa.

"Mwaona, a Chikopa? Kungochotsa munthu uja basi, vuto latha."

Ndinawaikira makiyi m'manja osayankha, chifukwa mawu amene anali m'kamwa mwanga sanali oyenera kutuluka pa bwalo la bungwe la mpingo.